Kodi magazi angandiuze ngati chitetezo changa cha malungo chidakalipo?

Funso

Ndine wa ku Jali m'boma la Zomba, koma ndatha zaka zisanu ndi ziwiri ndikugwira ntchito ku Johannesburg osapondako kumudzi. Mu Disembala ndikubwera ndi akazi anga komanso mwana wathu wa zaka zitatu amene anabadwira konkuno. Ndisanachoke, malungo sankandigoneka. Thupi likaphwanya lero, mawa ndili kumunda. Mayi anga anandiuza pafoni kuti kumudzi kunabwera a kafukufuku, anabaya ana pachala n'kudonthezera magazi papepala, ati akuyeza chitetezo, koma zotsatira sanabweretse. Chinanso, mwana wa achemwali anga anamaliza mankhwala a malungo a LA n'kuchira, koma atamuyezanso patatha milungu iwiri anamupezabe ndi malungo. Ndingapite kuti kukayezetsa kuti ndidziwe ngati chitetezo changa chidakalipo? Nanga mwanayo mankhwala sanamugwire?

Yankho

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi mawu amene mwina simukuwayembekeza. Palibe labotale, kaya kuno ku Zomba, ku Blantyre kapena ku Johannesburg komweko, imene ingakutengeni magazi n'kukupatsani pepala lonena kuti munthu uyu ndi wotetezeka ku malungo. Asilikali a m'thupi amene timawatcha ma antibody amayezeka ndithu, ndipo mwina ndi amene a kafukufuku aja ankafuna kumudzi kwanu. Koma nambala imene imatuluka imanena za udzudzu umene unakulumani kale. Za zimene zingakuchitikireni mukalumidwa usiku wa Khirisimasi, imanena zochepa kwambiri. Wina akakulipiritsani ndalama n'kukulonjezani zoposa pamenepa, akukunamizani.

Tiyambe ndi mwana wa achemwali anu, chifukwa nkhani yake ndi imene ikufunika yankho msanga.

Kachipangizo kamene anamuyezera mukukadziwa, kanafika m'zipatala zathu mu 2011. Chala chimapukutidwa ndi thonje, kubayidwa, kadontho kakang'ono ka magazi kuikidwa m'kabowo, kenaka madontho a madzi a m'kabotolo m'kabowo kena. Mumaona kufiira kukuyenda pang'onopang'ono pakazenera, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 mzere umatuluka pa C, wosonyeza kuti kachipangizoko kagwira ntchito. Ukatuluka wachiwiri pa T, tonse timati "ali ndi malungo". Koma kachipangizoka sikaona kachilombo. Kamagwira puloteni yotchedwa HRP2 imene kachilombo ka Plasmodium falciparum kamapanga kali m'maselo ofiira a magazi. Puloteni imeneyi sichoka msanga. LA akhoza kupha tizilombo tonse m'masiku atatu, koma HRP2 n'kutsalabe m'magazi milungu iwiri, itatu, nthawi zina kupitirira mwezi, makamaka ngati tizilomboto tinali tambiri.

Ndiye ngati mwanayo akudya, akusewera, thupi silikutentha, mizere iwiri ija payokha si umboni woti mankhwala analephera, ndipo si chifukwa chomuyambitsiranso LA. Koma ngati thupi latenthanso, pamenepo kachipangizo sikangathandize, chifukwa kadzanena zomwezo kaya tizilombo tilipo kaya tinafa kale. Pafunika magazi apakidwe pagalasi, adayidwe ndi mankhwala a Giemsa, munthu wodziwa ntchito awaone pa maikulosikopu. Iye amaona tizilombo tenitenito ndipo amatha kutiwerenga. Achemwali anu atenge buku la kuchipatala la mwanayo, anene tsiku limene anayamba LA, anenenso zoona ngati anamaliza maulendo onse asanu ndi limodzi, ngati sanasanze, ndiponso ngati ankamwa atadya. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi pakakhala chakudya cha mafuta kapena mkaka. Kawirikawiri timapeza kuti mwana atayamba kupeza bwino tsiku lachiwiri, mapiritsi otsala anasungidwira m'bale wake.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumaoneka ngakhale m'ziwerengero za dziko lonse. Pa kafukufuku wa malungo wa m'makomo wa 2017, ana osafika zaka zisanu pafupifupi 36 pa 100 alionse anapezeka ndi malungo pa kachipangizo, pamene pa maikulosikopu anali 24 pa 100. Ana omwewo, tsiku lomwelo. Gawo lalikulu la kusiyanaku ndi ana amene anadwala masabata apitawo n'kuchira.

Mzere umodzi nawo uli ndi malire ake. Udzudzu ukakulumani, tizilombo timayamba tapita m'chiwindi n'kukhalamo pafupifupi sabata tikuchulukana, ndipo nthawi yonseyo magazi amaoneka oyera pa njira iliyonse yoyezera. Tikatuluka tikhoza kukhala tochepa kwambiri moti kachipangizo kapena diso la pa maikulosikopu silingatipeze. Njira ya PCR, imene imafufuza DNA ya kachilombo, imapeza ngakhale tochepa choncho, koma imafuna makina odula, ndipo kuno timaigwiritsa ntchito pa kafukufuku, osati pa mzere wa odwala. Kulinso tizilombo tina tosapanga HRP2 n'komwe. Tinayamba kudziwika ku Peru mu 2010, ndipo ku Eritrea tinachuluka mpaka dzikolo linasintha mtundu wa zipangizo zoyezera. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ofufuza amasungira magazi papepala, kuti aziona ngati zipangizo zathu zidakali zodalirika.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri amadabwa nacho. Munthu akhoza kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi iye ali bwinobwino. Umboni wake uli pakhomo pathu pompano. Ofufuza a ku Malaria Alert Centre ndi anzawo anayeza ana m'sukulu 50 za pulayimale m'boma la Zomba, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti pafupifupi ana 60 pa 100 alionse anali ndi tizilombo. Awatu si ana ogona m'chipatala. Ndi ana amene anadzuka m'mawa, kuvala yunifolomu n'kukhala m'kalasi. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Chitetezo chimene ife a kumadera a malungo timakhala nacho ndi chotero: thupi limaphunzira kuchepetsa tizilombo ndi kupirira nato, koma silititsekera kunja. Inunso masiku amene munkati thupi laphwanya tsiku limodzi, n'kutheka kuti munkayenda nato miyezi yambiri, udzudzu n'kumatenga kwa inu kukapatsira makanda a m'nyumba yoyandikana.

Izi zimandidetsa nkhawa pa chifukwa china. M'dera limene ana ambiri ali ndi tizilombo, mwana wodwala chibayo kapena matenda oumitsa khosi akhoza kutulutsanso mizere iwiri, aliyense n'kukhutira kuti vuto lapezeka. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, gulu la Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux linapima matupi a ana amene anamwalira atauzidwa kuti ali ndi malungo a mu ubongo, ndipo mu 2004 linalengeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena, ngakhale tizilombo tinalimodi m'magazi. Choncho mwana akapatsidwa LA koma pakatha masiku awiri sakusintha, abwerere naye kuchipatala, asadikire kuti mankhwala athe.

Tsopano tibwere ku pepala limene mayi anu anaona.

Ndi pepala lokhuthala lomwa madzi, lokhala ndi timizere tozungulira. Pa bwalo lililonse pamagwera dontho limodzi kapena awiri, ndipo onse pamodzi safika ngakhale theka la supuni ya tiyi. Limaumitsidwa pamthunzi mpaka kufiira kusanduke kodera, n'kuikidwa m'kajumbo kotseka pamodzi ndi kapaketi koyamwa chinyontho. Pamalembedwa nambala, osati dzina. Likafika ku labotale timaboolapo kachidutswa kozungulira kochepa kuposa njere ya mphodza, n'kukaviika m'madzi usiku wonse kuti za m'magazi zisungunuke. Madziwo amathiridwa m'mbale ya pulasitiki ya timaenje 96 momwe tamatamo kale zidutswa za mapuloteni a kachilombo ka malungo. Ngati mwana ali ndi ma antibody odziwa puloteniyo, amakakamira pomwepo, ndipo tikatsuka n'kuthira mankhwala ena, kadzenjeko kamasintha mtundu. Kena kamada kwambiri, kena pang'ono, kena kamangokhala mbee. Makina amawerenga kudako n'kupereka nambala. Njira imeneyi ndi ELISA. Masiku ano kuli makina ena ogwiritsa ntchito timikanda tosaoneka ndi maso, amene amayeza ma antibody a mitundu makumi angapo pa kachidutswa kamodzi komweko.

Ma antibody amenewa sakhalitsa mofanana, ndipo phindu lawo lagona pamenepo. Olimbana ndi mapuloteni otchedwa MSP-1 ndi AMA-1, amene kachilombo kamagwiritsa ntchito polowa m'maselo ofiira, amatha kukhala zaka zambiri mwa munthu amene wadwala kangapo. Amenewo amatiuza mbiri yakale. Ena amazimiririka pa miyezi yochepa, ndiye tikawapeza timadziwa kuti munthuyu wakumana ndi tizilombo chaka chomwechino. Alipo ngakhale olimbana ndi puloteni ya m'malovu a udzudzu wa Anopheles, yotchedwa gSG6, amene amasonyeza kuti munthu akulumidwa kwambiri kapena ayi, ngakhale udzudzuwo unalibe kachilombo. Amenewa amathandiza kuona ngati masikito amene anagawidwa akugwiradi ntchito.

Nambala ya mwana mmodzi sinena zambiri. Mphamvu yake imabwera tikaika pamodzi anthu mazana a m'dera limodzi n'kuwasanja potsata zaka. M'dera la udzudzu wambiri, ana ambiri amakhala ali kale ndi ma antibody asanayambe sitandade 1. Kumene malungo ndi ochepa, chiwerengerocho chimakwera pang'onopang'ono, ndipo mumapeza anyamata a ku sekondale opanda chizindikiro chilichonse. Liwiro la kukwerako limatipatsa chithunzi cha mmene malungo akhala akufalikira kwa zaka zambiri, chinthu chimene kachipangizo sikangachite, chifukwa zotsatira zake zimasintha ndi nyengo: mukayeza mu Malichi mupeza ambiri, mu Seputembala ochepa. Nthawi zina pamaoneka ngati pathyoka, akuluakulu onse ali nawo koma ana obadwa chaka chakutichakuti kubwera kuno alibe. Pamenepo timadziwa kuti chinachake chinasintha m'chaka chimenecho, mwina masikito, mwina kupopera mankhwala m'nyumba.

Chris Drakeley ndi anzake anaonetsa bwino zimenezi mu 2005 kumpoto chakum'mawa kwa Tanzania. Anayeza midzi ya m'chigwa ndi ya m'mapiri, n'kupeza kuti pamene mudzi uli pamwamba, m'pamenenso ma antibody a MSP-1 amachedwa kuoneka mwa ana. Boma lathu la Zomba linapangika mofanana. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita 600 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere, tawuni ili cha m'ma 900, pamene nsonga za phiri zimafika cha m'ma 2,000. Kumtunda kozizira udzudzu ndi tizilombo sizikula msanga. Kumunsi kuli madambo, minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, ndi zithaphwi zimene zimakhala mpaka dzinja litatha. Mwana wa ku Kachulu ndi mwana wa ku Chawe ndi a boma limodzi, koma sitingayembekezere kuti magazi awo anene nkhani imodzi. Kale madokotala ankayeza zomwezi ndi manja, kugwira mimba za ana kuti awerenge angati ali ndi kapamba wotupa.

Za zotsatira zimene sizinabwere, mayi anu ali ndi chifukwa chodandaulira. N'zoona kuti zotsatira za ma antibody sizibwezedwa kwa munthu mmodzimmodzi, chifukwa mapepala amayezedwa patapita miyezi, ndipo palibe mankhwala amene dokotala angapereke kapena kuletsa potengera nambala imeneyo. Koma zimenezi zimayenera kunenedwa momveka tsiku loyamba, singano isanakhudze chala cha mwana. Kafukufuku aliyense wa zaumoyo m'Malawi muno amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga NHSRC kapena COMREC. Kholo limayenera kuwerengeredwa chikalata m'chinenero chake, kupatsidwa kope lokhala ndi nambala ya foni, ndi kuuzidwa kuti likhoza kukana popanda kutaya thandizo lililonse kuchipatala. Ndipo ofufuza amayenera kubwerera kwa amfumu ndi anthu awo kukanena zimene anapeza m'dera lonse. Ine ndimaona kuti gulu limene silibwerera limawononga ntchito ya tonse. Tisaiwale kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu m'maboma a kum'mwera kuno, kuyambira ku Mulanje ndi ku Phalombe. Magazi si chinthu chotenga mwakachetechete. Mayi anu afufuze kope lija, kapena afunse alangizi a zaumoyo a m'dera lawo, aimbe foni n'kufunsa. Ndi ufulu wawo.

Mwina mukuti: ngati ma antibody amayezeka chonchi, bwanji osangoyeza anga n'kundiuza?

Kuti ma antibody amateteza, zimenezo sitikayika. Mu 1961 ku Gambia, Sydney Cohen, Ian McGregor ndi Carrington anatenga ma antibody m'magazi a akuluakulu amene anakulira m'dera la malungo n'kuwapereka kwa ana odwala, ndipo tizilombo tinachepa kwambiri, ana n'kupeza bwino. Vuto ndi loti mpaka lero sitingaloze kuti mwa ma antibody ambirimbiri amene ali m'magazi a munthu wamkulu, oteteza ndi awa, ndipo afike pamlingo wakuti. Pa matenda a chiwindi a hepatitis B mlingo wotero ulipo, munthu amayezedwa n'kuuzidwa kuti katemera anagwira. Pa malungo palibe. Kachilombo kake kali ndi mapuloteni masauzande, ndipo ofunika kwambiri amasinthasintha. Puloteni yotchedwa PfEMP1, imene imamatitsa maselo odwala m'mitsempha ing'onoing'ono, kachilombo kamodzi kamakhala ndi mitundu yake pafupifupi 60 ndipo kamatulutsa umodzi pa nthawi. Thupi likauzolowera umenewo, kamasintha n'kutulutsa wina. Kachilombo ka mudzi wina kali ndi mitundu inanso. N'chifukwa chake chitetezo chimatenga zaka kuti chikhwime, ndipo kuyeza ma antibody a puloteni imodzi kapena ziwiri sikungatiuze kuti thupi lanu likudziwa mitundu ingati.

Pali msampha winanso umene wasokoneza ngakhale ofufuza. Mwana amene ali ndi ma antibody ambiri kawirikawiri ndi amene amagona m'nyumba yoyandikana ndi dambo. Ali nawo ambiri chifukwa amalumidwa kwambiri, ndipo chifukwa chomwecho ndi amene adzadwalenso mwezi wamawa. Mnzake wogona m'masikito ali nawo ochepa ndipo sadwala. Munthu akangoyang'ana manambala akhoza kuganiza kuti ma antibody ndiwo akudwalitsa. Zili ngati mapazi a anyani m'munda wa chimanga: akachuluka mumadziwa kuti anyani amabwera kawirikawiri, koma mapaziwo sakuuzani ngati mpanda wanu uli wolimba.

Ma labotale a kafukufuku amayesa kupitirira pamenepa. Amaika ma antibody a munthu pamodzi ndi tizilombo tamoyo kuti aone ngati tisiya kuchulukana, kapena ngati maselo oyera atimeza msanga. Ndi ntchito yofunika popanga katemera, koma yodula, yochedwa, ndipo sinafike poti n'kumuuza munthu mmodzi tsogolo lake. Kumene ma antibody a munthu mmodzi amagwiritsidwadi ntchito ndi m'mayiko ngati United Kingdom, poyeza opereka magazi amene anakhalapo ku Africa. Kumenekonso funso lawo ndi lakuti munthuyu anakumanapo ndi malungo kapena ayi.

Popeza labotale singakuyankheni, mbiri ya moyo wanu ndiyo itiuze. Chitetezo cha malungo chimabwera m'magawo. Khanda limabadwa ndi ma antibody a mayi ake, amene amatha pa miyezi ingapo yoyambirira. Kenaka pamabwera zaka zoopsa, pamene ana ambiri amataya moyo. Opulumuka amayamba apeza chitetezo ku malungo akupha, ndipo patapita zaka zambiri za kudwaladwala amapeza chija chochititsa kuti thupi lingophwanya tsiku limodzi. Chimenechi chimafuna kukumbutsidwa. Ku Johannesburg malungo safalikira, ndiye thupi lanu latha zaka zisanu ndi ziwiri osakumana ndi kachilombo. Titakuyezani lero mwina tingapeze ma antibody a AMA-1 adakalimo, inu n'kusangalala, koma chitetezo choletsa kudwala chija chinachepa kalekale. Zikuoneka kuti choteteza ku malungo aakulu chimakhalitsako, koma si chodalira. Ku United Kingdom, ambiri mwa anthu opezeka ndi malungo chaka chilichonse ndi ochokera ku Africa amene anapita kukaona abale kwawo, ambiri osamwa mankhwala oteteza chifukwa ankati anakulira momwemo. Ena amafika pogonekedwa m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

Akazi anu simunanene kumene anakulira. Ngati ndi a ku South Africa komweko, muwatenge ngati munthu wopanda chitetezo chilichonse. Ngati ndi oyembekezera, nkhaniyo ndi yaikulu kaya anakulira kuti. Mwa mayi woyembekezera tizilombo timatulutsa puloteni yapadera yotchedwa VAR2CSA imene imatimatitsa ku nsengwa, ndipo thupi limene silinatengepo mimba m'dera la malungo silikhala ndi ma antibody ake. N'chifukwa chake mimba yoyamba ndi imene imavutika kwambiri. Tizilombo tikhoza kudzaza ku nsengwa, magazi a pachala n'kuoneka oyera, mayi magazi akumuthera, mwana n'kubadwa wochepa sikelo. Amayi a kuno amapatsidwa SP, amene ambiri timamutcha Fansidar, ku sikelo kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, popanda kudikira kuyezedwa. Koma mayi wobwera kudzacheza kuchokera kunja akambirane ndi dokotala wake asananyamuke, ngakhale za kusintha nthawi ya ulendowo.

Amene ndikumuganizira kwambiri ndi mwana wanu. Ali ndi zaka zitatu, sanakumanepo ndi malungo, ndipo akubwera ku Jali mvula itayamba. Chitetezo chimene inu munapeza podwala sichidutsa kwa mwana kudzera mwa bambo. Chimene chimayenda m'chibadwa ndi china, monga kukhala ndi mbali imodzi ya matenda a magazi otchedwa sickle cell, imene imachepetsa kwambiri malungo aakulu koma siletsa kudwala. Musamuyerekeze ndi asuweni ake amene akathamanga naye pabwalo. Iwo adutsa kale m'malungo kangapo. Kwa iye ulendo woyamba ukhoza kukhala woopsa m'maola ochepa.

Mwina mwamva za katemera. Malawi ndi dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa RTS,S kwa ana kudzera ku sikelo, pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, ndipo bungwe la WHO linamuvomereza mu 2021, kenaka wina wotchedwa R21 mu 2023. Kuno amaperekedwa kanayi, mwana ali ndi miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Amapangitsa thupi kukhala ndi ma antibody ambiri a puloteni ya CSP, ya kachilombo kongochoka kumene mwa udzudzu, ndipo amachepetsa kudwala ndi imfa, koma samaletsa malungo onse, ndipo ma antibody akewo amatsika pakapita miyezi. Anakonzedwera ana okhala m'dera la malungo. Sangathandize mwana wobwera kutchuthi cha mwezi umodzi.

Ndalama imene mukanawonongera kuyezetsa chitetezo, pitani nayo kwa dokotala kapena ku kiliniki ya apaulendo konko, kudakali milungu ingapo. Mukanene kuti mukupita kumudzi kufupi ndi nyanja ya Chilwa nthawi ya mvula, ndipo mukapemphe mankhwala oteteza a nonse atatu. Alipo a atovaquone ndi proguanil, odziwika ndi dzina loti Malarone, amene ali ndi mlingo wa ana potsata kulemera kwawo. Alipo a mefloquine omwa kamodzi pa sabata. Doxycycline ndi wotsika mtengo, koma saperekedwa kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Onsewa amayambidwa musanafike ndipo amapitirizidwa mutabwerera. LA si wotetezera, musamamwe thupi lili bwino. Bweretsani masikito onyikidwa m'mankhwala okwanira malo onse ogona, musakalande a agogo, ndipo mwanayo azilowa m'masikito kukangoda, chifukwa macheza a pakhonde madzulo ndi pamene alendo ambiri amalumidwira.

Mukafika, dziwiranitu chipatala chapafupi ndi njinga yamoto imene mungaidzutse usiku. Thupi la mwana likatentha, ayezedwe tsiku lomwelo, ngakhale akumwa mankhwala oteteza, ndipo mukawauze achipatala kuti anabadwira kunja ndipo sanadwalepo malungo. Mzere ukatuluka umodzi koma kutentha kukupitirira, ayezedwenso mawa lake. Akayamba kukomoka, kusanza chilichonse, kulephera kumwa kapena kukhala tsonga, kupuma movutika, kapena zikhatho kuyera, musataye nthawi ndi Panado kapena mankhwala a pagolosale. Ameneyo akufunika jakisoni wa artesunate, ndipo achipatala chaching'ono akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku Zomba Central.

Mukabwerera ku Johannesburg, khalani tcheru kwa miyezi itatu. Malungo amayamba kuonekera patatha sabata imodzi kapena iwiri chilumidwireni, ndipo mwa munthu amene amamwa mankhwala oteteza akhoza kuchedwa kuposa pamenepo. Dokotala wa kumeneko akaona munthu wotentha thupi mu Januwale akhoza kuganiza za chimfine. Aliyense wa inu akatentha thupi, muyambe ndinu kunena kuti munali ku Malawi, masiku akutiakuti, ndipo mupemphe kuti ayezedwe malungo tsiku lomwelo.